Phunziro la Kompyuta: Malamulo Oyambira pa Terminal ya Linux

Ambiri mwa ife tili ndi malaputopu akale, ogula kwa munthu kapena osiyiridwa ndi achibale. Makina otere amalemedwa ndi Windows yatsopano, choncho anzathu ena aikamo Ubuntu, womwe ndi mtundu umodzi wa Linux. Linux anaiyamba Linus Torvalds m'chaka cha 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki. Ubuntu inatuluka mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinali likufanana ndi mawu athu akuti umunthu. Chilolezo chake chimatilola kukopera ndi kugawira mnzathu popanda kuba, zomwe kwa ife osunga malamulo a Mulungu si nkhani yaing'ono.

Phunziroli likutikhudzanso pa ntchito. Baobab Health, yomwe inayamba mu 2001 pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, inamanga makina ake olembera odwala pa Linux. Maofesi a zaumoyo a m'maboma, kuphatikizapo ya pa Mulanje Boma, amatumiza malipoti kudzera mu DHIS2, pulogalamu yaulere yochokera ku yunivesite ya Oslo. Ena a ife tidzakumana ndi makina amenewa tikadzalembedwa ntchito.

Terminal ndi zenera lomwe timalembamo zimene tikufuna kuti kompyuta ichite. Mu Ubuntu timalitsegula podina Ctrl, Alt ndi T pamodzi. Mfundo yoti tiigwiritse ndi iyi: terminal imachita zimene talemba, osati zimene timaganiza. Tiyeni tiyeserere potenga maina a malo a ku Mulanje ngati mafoda athu.

1. Kudziwa pamene tili

Chiperoni chikakuta phiri la Mulanje, munthu wanzeru amayamba wadziwa pamene waima asanaponye phazi. Pa terminal timatero polemba pwd ndi kudina Enter. Kompyuta imayankha ndi njira ya foda yomwe tilimo, mwachitsanzo /home/wophunzira. Tikalemba ls timaona zonse za mufodayo, ndipo ls -l imaonjezera kukula kwa fayilo iliyonse ndi tsiku lomwe inasinthidwa komaliza.

2. Kupanga mafoda ndi kuyendamo

Tilembe mizere iyi umodziumodzi:

mkdir Mulanje
cd Mulanje
mkdir Boma Chitakale Likhubula
ls

Lamulo la mkdir limapanga foda, pamene cd limatilowetsa mufodamo. Kuti tibwerere m'mbuyo timalemba cd kenako mpata ndi madontho awiri. Tikasokera, cd yekha amatibwezera kwathu ku /home/wophunzira. Tizikumbukira kuti Linux imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono: Boma ndi boma ndi mafoda awiri osiyana. Tikalemba cd Chi ndi kudina batani la Tab, kompyuta imamalizitsa yokha dzina la Chitakale.

3. Kulemba, kukopera ndi kusamutsa

Tili mufoda ya Mulanje, tilembe nano lipoti.txt. Patseguka tsamba lolembapo. Tikamaliza, tisunge podina Ctrl ndi O kenako Enter, ndipo tituluke podina Ctrl ndi X. Tsopano tiyese izi:

cp lipoti.txt Boma
mv lipoti.txt Likhubula

Lamulo la cp lasiya kope mu Boma, fayilo yoyamba ili pomwe inali. Koma mv wainyamula kupita nayo ku Likhubula. Ndi mv yemweyo timasinthanso dzina, monga mv lipoti.txt lomaliza.txt. Chenjezo: ngati komwe tikukopera kuli kale fayilo ya dzina lomwelo, yakaleyo imafafanizika mwakachetechete. Tikalemba cp -i kapena mv -i, kompyuta imayamba yatifunsa.

4. Kufufuta

Apa ndi pamene ntchito ya teremu yonse ingathere m'kamphindi. Lamulo la rm limafufuta fayilo, ndipo rm -r limafufuta foda ndi zonse za m'kati mwake. Zofufutidwa motere sizipita ku bini komwe tingakazitolenso. Zapita basi.

Taonani msampha uwu. Tinene kuti mu /home/wophunzira muli foda yosafunika yotchedwa Mulanje Boma, dzina lokhala ndi mpata pakati, ndipo mulinso foda yathu ija ya Mulanje. Tikalemba rm -r Mulanje Boma, kompyuta imamva maina awiri. Imafufuta Mulanje yense ndi malipoti athu, kenako n'kudandaula kuti Boma sikumupeza. Foda yomwe timafuna kuchotsa ija imatsala bwinobwino. Cholondola ndi kuika dzinalo m'zizindikiro motere: rm -r "Mulanje Boma". Chabwino koposa ndi kusaika mipata m'maina, n'kumalemba Mulanje_Boma. Tisanafufute chilichonse tiyambe ndi pwd, kenako ls, ndipo tizolowere rm -i yemwe amafunsa kaye.

5. Kusunga kope pa fulashi

Magetsi amathima, laputopu imabedwa, makina akale amafa osatsanzika. Mu Ubuntu, fulashi imaonekera pansi pa /media, motsatana ndi dzina lathu ndi dzina la fulashiyo. Tili kwathu ku /home/wophunzira, tilembe:

cp -r Mulanje /media/wophunzira/FULASHI
sync

Lamulo la sync limaonetsetsa kuti zonse zalembedwadi pa fulashi tisanaichotse. Kuti tione malo otsala, tilembe df -h.

6. Mphamvu za sudo

Okwera nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, amalangizidwa kutenga wowatsogolera. Mafoda ngati /etc ndi /boot nawonso si oyendamo tokha tikadali oyamba kumene. Mawu a sudo amatipatsa mphamvu zosintha chilichonse m'makina. Timawafuna poika pulogalamu, monga sudo apt update kenako sudo apt install vlc, ndipo izi zimadya bandulo ya intaneti. Polemba pasiwedi sipaoneka kanthu pa sikirini, koma ikulowa ndithu. Lamulo la sudo lomwe talipeza pa WhatsApp kapena Facebook tisalilembe tisanalimvetse. Tikalemba man rm kapena man cp timawerenga malongosoledwe a lamulolo, n'kutuluka podina q. Chinthu chikakana kuima, Ctrl ndi C amachiimitsa.

Lero tikusunga manotsi athu okha, koma mawa ena a ife tidzasunga mbiri za odwala, malipiro a antchito a m'minda ya tiyi kapena mabuku a msungichuma wa mpingo. Ukapitawo wabwino umayamba ndi chizolowezi choona kaye tisanadine Enter.

Zoti tichite sabata ino

1. Tipange foda ya phunziro lililonse la teremu ino, popanda mipata m'maina.
2. Tikopere mafoda onsewo ku fulashi ndi cp -r, kenako titsimikize ndi ls.
3. Tifotokozere mnzathu kusiyana kwa rm -r Mulanje Boma ndi rm -r "Mulanje Boma" osalemba pa makina.