Lezala pa Ngodya ya Chikhadabo

Makalata atatu amene ndili nawo lero achokera kum'mawa kwa Harare, ndipo onse akudandaula za chala chachikulu chakuphazi. Kalata yoyamba ndi ya bambo wina wa ku Tafara amene amagwira ntchito m'fakitale ku Msasa, cha ku Mutare Road. Akuti chikhadabo chikulowa m'mnofu, ndiye mwezi ndi mwezi amachikumba pangodya ndi lezala. Ululu umaleka, koma pakapita masabata angapo umabweranso woposa kale. Akufunsa kuti akumbe mozama bwanji kuti vutoli litheretu.

Bambo, lezalalo ndi limene likusunga matendawa. Mukamadula ngodya molowetsa m'kati, maso anu saona mpaka kumapeto kwa chikhadabo, chifukwa m'mphepete mwake mwabisika pansi pa khungu. Mumadula pamene mukuona, n'kung'amba chotsalacho, ndipo pansi pamatsala kansonga kakuthwa. Malo amene mwachotsa chikhadabo sakhala opanda kanthu. Mukaponda pansi, mnofu wofewa wa m'mbali umakwera n'kudzaza pamenepo, ndiye kansonga kaja kakamakula kamapeza mnofu uli panjira, n'kuubaya. Mwina muti, nanga bwanji ndikakumba ndimagona bwino? N'zoona, mumapeza mpumulo, koma ndi wa ngongole. Chikhadabo chakuphazi chimakula pang'onopang'ono, mamilimita osakwana 2 pamwezi, ndipo n'chifukwa chake ululu umachedwa kubwerera mpaka munthu n'kuganiza kuti lezala lathandiza. Mukakumbanso mumayambira pansi kuposa poyamba, motero mtunda umene ngodyayo iyenera kuyenda kuti itulukire kunja ukungotalika.

Chofunika n'chakuti ngodya ikule mpaka ipitirire mnofu. Wengani chikhadabo mowongoka, mopingasa, ngodya zonse ziwiri zizioneka, ndipo chitani zimenezi mukangosamba chikadali chofewa. Ngati chala changofiira n'kumapweteka koma chilibe mafinya, chiviikeni m'madzi ofunda othira mchere kwa mphindi 15, katatu patsiku ngati ntchito ikulolani, kapena m'mawa ndi madzulo. Mukapukuta bwino, kankhirani khungu kumbali n'kulowetsa kathonje koyera, kakang'ono kwambiri, pansi pa ngodya kuti itukuke, ndipo muzikasintha tsiku lililonse. Ena amalangiza zocheka mphako pakati pa chikhadabo kuti m'mbali mukokekere pakati. Zimenezo sizitheka, chifukwa chikhadabo chimakula kuchokera kutsinde lake, ndipo zimene mwachita kunsonga sizisintha m'lifupi mwake.

Koma zonsezi zipita pachabe ngati jombo yanu ya kuntchito ikupitiriza kufinya chala. Nsapato wamba imatanuka ikazolowera phazi, pamene jombo yokhala ndi chitsulo kutsogolo sitanuka mpaka kalekale, ndiye chimene chimagonja ndi chala. Onjezanipo thukuta la tsiku lonse, limene limafewetsa khungu kuti libayike mosavuta. Sindikunena kuti muvule jombo, ayi, chitsulocho chimateteza zala katundu akagwa. Koma saizi si nkhani yochitira manyazi pamaso pa kapitawo. Mukaima, pakati pa chala chachitali ndi chitsulo pazitsala malo okwana sentimita imodzi, ndipo zala zizitha kugwedezeka. Amene mumagula nsapato zakaunjika ku Mupedzanhamo, ku Mbare, muziyesa masana phazi litatupa ndi kuyenda, mutavala masokosi amene mumavala kuntchito.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mayi wa ku Mabvuku. Mnyamata wawo amasewera mpira, chala chatupa, chikutuluka mafinya, ndipo pambali pamera kamnofu kofiira kamene kamatuluka magazi sokosi ikangokhudza. Anagula makapisozi, mwana anamwa onse, chalacho chinaphwa pang'ono kenako n'kuyambiranso. Mayi, nkhani yake ndi yomwe ija. Munga ukathyokera m'phazi, mankhwala angachepetse mafinya, koma chilonda sichipola mungawo usanatuluke. Kamnofu kofiirako ndi thupi limene likuyesa kutseka bala lomwe likubayidwa tsiku ndi tsiku. Pamenepa madzi amchere ndi thonje zachepa mphamvu, pitani naye ku Mabvuku Polyclinic, ndipo akaona kuti n'koyenera adzakutumizani kuchipatala chachikulu monga Parirenyatwa kapena Sally Mugabe. Ambiri amaopa kuti akazula chikhadabo chonse. Nthawi zambiri satero. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi patsinde la chala, n'kudula kachigawo kopyapyala ka m'mbali kuyambira kunsonga mpaka kutsinde. Ngati vutolo lakhala likubwerezabwereza, amatha kupaka mankhwala otchedwa phenol pamene kachigawoko kamamerera kuti kasamerenso, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti akatero vutoli silibwerera kawirikawiri poyerekeza ndi kungodula. Kuzula chonse kokha sikuthandiza kwenikweni, chifukwa chatsopano chimatenga chaka kapena chaka ndi theka kuti chikule, ndipo chimabwera ndi m'lifupi momwemo. Ndalama ya kukiliniki ikupweteka masiku ano, ndikudziwa, koma werengani zimene zapita kale pa makapisozi.

Kalata yachitatu ndi yaifupi, koma ndi imene yandidetsa nkhawa. Mtsikana wa ku Epworth akuti agogo ake aamuna, amene anabwera kuno kuchokera ku Dedza ali mnyamata, ali ndi matenda a shuga. Chala chawo chafiira ndipo chikununkha, koma iwo akuti sichikupweteka, ndiye palibe chifukwa chovutikira. Mwanawe, kusapwetekako ndiye koopsa. Shuga akakhalitsa amawononga mitsempha yomvera ululu kumapazi, amachepetsanso magazi ofika kuzala, moti kabala kakang'ono kamatha kulowerera mpaka pafupa munthu asakumva kanthu. Malangizo a madzi ofunda ndi thonje amene ndapatsa bambo a ku Tafara aja si a agogo anu. Phazi ladzanzi limatha kupsa ndi madzi amene mwini wake akuti ndi ofunda chabe. Musawaviike, musalole aliyense kuwagwira ndi lezala, ndipo mupite nawo kukiliniki mawa m'mawa, mutatenga kabuku kawo ka shuga. Ngati kufiirako kwayamba kukwera kuphazi, chala chikuda, kapena thupi latentha, musadikire kuti kuche, pitani kuchipatala usiku womwe uno.