Phunziro 6: Anyamata Athu ku Sekondale ndi Mnzawo Wosiyana Nawo

Mwana akasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko timamugulira sutikesi, ndowa ndi shuga, n'kumuperekeza pokwerera basi. Zimene akukakumana nazo ku hositelo sitifunsa. Kumeneko a Fomu 3 ndi Fomu 4 amamuphunzitsa msanga malamulo a chimuna: mwamuna salira, mwamuna amamenya mpira, mwamuna sakhala wopanda chibwenzi. Mnyamata wofatsa, wa mau aang'ono, wokonda kwaya, amapatsidwa maina, ndipo lopweteka koposa ndi lakuti "wamathanyula". Ambiri otchedwa choncho sali otero n'komwe. Koma ena alipodi amene pa zaka 15 kapena 16 amazindikira kuti mtima wawo ukukopeka ndi anyamata anzawo. Ana amenewa anabatizidwa m'matchalitchi mwathu mommuno, ena amatumikira pa guwa, ndipo alibe womuuza.

Kodi Mpingo ukuti chiyani?

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992 akukamba nkhaniyi pa ndime 2357 mpaka 2359. Mpingo suvomereza kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndipo umawaitana kuti adzisunge, monga momwe umaitanira mkhristu aliyense wosakwatira. Aepiskopi athu anaima pomwepa pamene akhristu anayenda pa msewu mu July 2023. Vuto lathu n'lakuti timawerenga ndime yoyambayo n'kutseka buku. Ndime 2358 imatilamula kuwalandira anthu otere mwaulemu ndi mwachifundo, ndi kupewa tsankho lililonse lopanda chilungamo. Papa Fransisko anabwereza zomwezi mu 2016 m'kalata yake Amoris Laetitia, ndime 250, polankhula za mabanja amene ali ndi mwana wotere. Choncho bambo wothamangitsa mwana wake pakhomo asanamizire Mpingo.

Nanga malamulo a dziko?

Gawo 153 la Penal Code limapereka chilango chofika zaka 14 kundende, ndipo gawo 156 zaka 5. Tikukumbukira kuti mu 2010 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anagamulidwa zaka 14, kenaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu linagamula kuti magawo amenewa akhalepobe. Koma timvetsetse bwino: lamulo limalanga mchitidwe umene khoti laupezera umboni. Sililanga kayendedwe, mau kapena zimene munthu akumva mumtima. Pulifekiti, mphunzitsi kapena gulu la anyamata alibe mphamvu yoweruza ngakhale yomenya aliyense. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amateteza ulemu wa munthu aliyense (gawo 19), ufulu wa ana (gawo 23) ndi ufulu wa maphunziro (gawo 25), ndipo kuyambira 2017 aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Pali china chimene sitiyenera kusakaniza ndi nkhaniyi. Wamkulu akakakamiza wamng'ono zogonana, kumeneko n'kugwirira, kaya wochitiridwayo ndi mnyamata kapena mtsikana. Zotere tikanene kwa ahedi ndi kupolisi, kapena tiimbe pa nambala ya ana ya 116.

Chinzake chikuonongeka

Mantha a dzina lija akupweteka anyamata onse. Kwathu kuno amuna awiri kuyenda atagwirana manja si nkhani. Ngakhale madala amatero pochokera ku maliro. Lero mnyamata amaopa kukhala ndi bwenzi la pamtima kuti angamunene. Amayamba chibwenzi ndi mtsikana amene samukonda, pofuna kungotseka anzake pakamwa, ndipo mimba zina za pa sukulu zimachokera pamenepa. Wina amasanduka wozunza anzake kuti chala chisaloze iye. Komatu Davide ndi Yonatani anakondana ngati abale (1 Samueli 18), ndipo Ambuye Yesu analira pa manda a Lazaro anthu akuona. Malipoti a apolisi amaonetsa kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna. Mau akuti "mwamuna salira" tiwaganizirenso bwino.

Mnyamata akaululira mnzake chinsinsi chotere, wamupatsa moyo wake m'manja. Mnzakeyo sakukakamizidwa kuvomereza chilichonse chotsutsana ndi chikhulupiriro chake. Chimene akupemphedwa n'chochepa: asaulutse, asamuseke, asasiye kudya naye mbale imodzi, ndipo akaona kuti wataya mtima amuperekeze kwa wamkulu wodziwa kusunga pakamwa. Ife makolo, akatekisiti ndi alangizi a achinyamata, tidzifunse ngati wamkulu wotereyo akupezeka m'parishi mwathu.

Zokambirana mu mphakati

Kodi ana athu akabwera ku holide timawafunsa za mayeso okha, kapena timafunsanso za ku hositelo? Mwana wa mu mphakati wathu atatiuza kuti ndi wotere, mau athu oyamba angakhale otani?