Mod Yako Ili pa Munda wa Eni

Mphwanga, ndamva kuti mod yako anthu aikonda, ndipo ena akuti utsegule Patreon kuti azikupatsa kangachepe mwezi ndi mwezi. Ndakondwa nawe. Koma usanalandire khobidi loyamba, dziwa kuti ukulima pa munda wobwereka. Gemu ndi ya kampani, iwe wangobzalapo.

Mu Epulo 2015, makampani a Valve ndi Bethesda analola kuti ma mod a gemu ya Skyrim azigulitsidwa pa Steam Workshop. Wopanga mod ankatenga 25 peresenti, Valve 30, Bethesda 45. Osewera anapsa mtima, ndipo chipongwe chinagweranso anthu omwe kwa zaka ankawagawira ntchito yawo ulere. Sabata isanathe Valve inathetsa malondawo n'kubweza ndalama za ogula. Amene anaika mtima pamenepo anatsala chimanjamanja.

Ena adzakuuza za Minh Le ndi Jess Cliffe, omwe anayamba Counter-Strike mu 1999 ngati mod ya Half-Life mpaka Valve kuwalemba ntchito. N'zoona, koma mwayi wotere sugwera aliyense, ndiye usasiyire sukulu nkhani imeneyo.

Chimene chinandipweteka ine nditayamba kulandira ndalama pa mod yanga ndi china. Munthu akangokupatsa madola atatu pa mwezi, amadziona ngati bwana wako. Eni gemu atasintha zina, mod yanga inaleka kugwira ntchito. Ndinachezera masiku atatu, maso ali psu, tiyi atazizira pambali pa kiyibodi, ndikusaka mzere umodzi wolakwika, kwinaku foni ikungolira: tinalipira, ukonza liti? Cholakwa chinali changa. Sindinawauze kuti ndalama yawo ikugula chiyani, choncho aliyense anadzilembera yekha pangano m'mutu mwake. Chinthu chimene ndinkachipanga ndi chimwemwe ndinayamba kuchiopa.

Iwe lemba poyera tsiku loyamba lomwe: chimene mwapereka ndi chithokozo, tsiku lokonza sindilonjeza, ndikatopa ndipuma. Ena achoka, asiye apite. Werenganso malamulo a eni gemu. Mu 2022 kampani ya EA inanena kuti ma mod a The Sims 4 azikhala aulere, olipira azingowalandira msanga kwa kanthawi chabe. Ngati mod yako yatsamira pa ntchito ya mnzako, mupemphe kaye usanaikepo mtengo, ndipo dzina lake lioneke pamwamba. Mafayilo ako onse uziwasunganso kwanu, pa hard drive yakoyako.