Kuweta zinkhwe sikufanana ndi kuweta nkhunda

Alimi anzanga, kuno kwa Goliati makola a nkhunda ndi osasowa, ndipo ena mwa inu mwakhala mukufunsa ngati zinkhwe zimawetedwa chimodzimodzi. Yankho langa ndi lakuti ayi. Nkhunda imapita kokadzidyera yokha, madzulo n'kubwerera kukhola. Chinkhwe mukachitsekulira ndiye kuti mwatsazikana nacho. Chakudya, madzi ndi mthunzi, zonse chimayang'ana kwa inu.

Woyamba kumene ndimamulangiza kuti ayambe ndi tizinkhwe tating'ono totchedwa budgie. Kwawo kwenikweni ndi ku Australia, koma takhala tikuswana m'makola kwa zaka zoposa 150, motero tinazolowera anthu. Kakakula, kamphongo kamadziwika ndi kachikopa kabuluu pamwamba pa mlomo, pamene ka thadzi kamakhala kofiirira. Thadzi limaikira mazira 4 mpaka 6, modumphitsa tsiku limodzi, ndipo limafungatira masiku 18. Ana amatuluka m'chisa pakatha masabata anayi kapena asanu. Kutchire mbalamezi zimaikira m'mphako, choncho zikhomereni kabokosi kamatabwa kokhala ndi chibowo. Popanda kabokosi mudzadikira mazira mpaka kutopa.

Chakudya chambiri chili m'munda mwathu momwemu: mawere, mchewere ndi mapira. Mpendadzuwa muzipatsa pang'ono chabe chifukwa uli ndi mafuta ambiri. Onjezerani chisoso kapena bonongwe, komanso zigoba za mazira zowiritsa ndi zosinja kuti thadzi lisamaikire mazira ofewa.

Koma m'munda momwemo ndi mmene mulinso imfa. Ife a ku Thyolo tili ndi mapeyala ambiri, ndipo mwana akamadya peyala amafuna kugawirako kambalame. Muletseni! Peyala, masamba ake ndi njere yake zili ndi poizoni amene amapha zinkhwe, nthawi zina tsiku lomwelo. Chachiwiri ndi masamba a kudimba. Tonse tikudziwa mmene timathirira mankhwala ku matimati ndi kabichi kuno. Chisoso chomera m'mizere yopoperedwa chisapite kukhola ngakhale mutachitsuka. Mtedza wachuku nawonso umawononga chiwindi cha mbalame. Umene inu simungadye, musaupereke.

Khola likhale la waya wa maso aang'ono kuti makoswe ndi njoka zisalowe, ndipo muzithira phulusa m'munsi mwa mizati poteteza linthumbu. Chiperoni cha mu June ndi July chimachokera kum'mwera chakum'mawa. Mbali imeneyo tsekani ndi matabwa, usiku n'kuphimba ndi masaka. Kuzizira kokha mbalamezi zimapirira, koma mphepo yonyowa imazidwalitsa.

Tsopano nkhani ya komwe mugule mbewu. Dziko lathu lili ndi zinkhwe zake zakutchire. Zodziwika kwambiri ndi tija tobiriwira ta nkhope yofiira totchedwa Lilian's lovebird, timene timagona m'mphako za mitengo ya tsanya ku Liwonde National Park. Tikuchepa chifukwa cha kudulidwa kwa mitengo komanso poizoni amene opha nyama mozemba amathira m'zithaphwi. Munthu akakubweretserani timeneti m'katoni, m'bwezeni. Lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri chilango chimafika zaka 30 kundende. Chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira chija chimayankhula ngati munthu, chochokera m'nkhalango za ku Congo, nachonso malonda ake pakati pa mayiko analetsedwa ngati chagwidwa kutchire. Izi anagwirizana pa msonkhano wa CITES ku Johannesburg mu 2016. Gulani kwa woweta amene angakuonetseni makolo a mbalamezo, ndipo musanalipire funsani ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ngati mtundu umenewo ukufunika chiphaso.

Kunena zoona, uwu si ulimi wa ndiwo. Budgie simungaphe alendo akabwera. Ogula ake ndi anthu a m'tauni monga ku Limbe ndi ku Blantyre, ndiye pezani kaye wogula musanachulukitse makola.

Mbalame yatsopano ikhale payokha mwezi wathunthu isanasakanizidwe ndi zinzake. Posesa m'khola yambani mwawaza madzi, chifukwa fumbi la zitosi zouma za zinkhwe limatha kupatsa munthu matenda a m'chifuwa ofanana ndi chibayo. Mukadwala malungo ndi chifuwa, uzani adokotala kuti mumaweta mbalame zimenezi.