Kabodi nkakang'ono, Linux ikukana kulowa

Bambo Mlangizi, ndimakonza ma AC kuno ku Doha ndipo ndimagona ku Industrial Area. Kwathu ku Salima mayi ali ndi makina oswetsera mazira a nkhuku. Magetsi akazima usiku, amadzazindikira m'mawa mazira atazizira kale. Ndinagula kabodi ka ESP32 kuti kaziyeza kutentha n'kumawatumizira uthenga pafoni. Mnzanga wa ku Kerala akuti ndiikemo Linux poti ndi yaulere, koma patha milungu itatu zikukanika. Ndalakwitsa pati?
Wa ku Salima, Doha

Achimwene, mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Vuto si mutu wanu ayi. Mukufuna kulowetsa ng'ombe m'khola la nkhunda.

ESP32, imene kampani ya Espressif inatulutsa mu 2016, ili ndi RAM ya makilobayiti 520 basi, ndipo ilibe MMU ya mtundu umene Linux ya masiku onse imadalira pogawira pulogalamu iliyonse malo ake. Yerekezani ndi OpenWrt, Linux yopepuka imene inayambira pa rauta ya Linksys WRT54G mu 2004. Eni akewo anasiya kusamalira zipangizo za RAM ya mamegabayiti 32 utadutsa mtundu wa OpenWrt wa 19.07, ati malo achepa. Mamegabayiti 32 akuchepa, nanga inu amene simunafike ngakhale imodzi?

Mnzanuyo sananame kuti Linux ndi yaulere ndiponso yotseguka, kungoti si yokhayo. M'kabodi kanuko mumayenda FreeRTOS, imene Richard Barry anayamba mu 2003, nayonso aliyense atha kuiwerenga ndi kuisintha. Mukalemba pulogalamu ya ESP32 kudzera mu Arduino IDE, FreeRTOS imakhala ikugwira ntchito pansi pake inu osaiona. Ntchito yanu ndi yochepa: kuwerenga kutentha, kuona ngati kwachoka pa madigiri 37 ndi theka amene dzira limafuna kwa masiku 21, n'kutumiza uthenga. Zimenezi sizilira Linux.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi china. Kuno magetsi sazimazima, ndiye n'kosavuta kuiwala kumene chipangizochi chikupita. Raspberry Pi Zero, imene inatuluka mu 2015 ndi RAM ya mamegabayiti 512, imayendetsa Linux bwinobwino, koma imasunga zonse pa SD card. Magetsi akathima ili mkati molemba, khadiyo itha kuonongeka, makina n'kukana kuyaka. Tsiku limenelo inu muli padenga ku Al Wakrah ndi sipanala m'manja, mayi ali okha ndi mazira. Adzawakonzera ndani? ESP32 imadzuka nthawi yomweyo magetsi akabwera n'kupitiriza ntchito. Onetsetsaninso kuti watchdog ndi yoyatsa, kuti kabodi kakauma kazidziyambitsanso kokha.

Choncho lumikizani sensa ya DS18B20, kamodyulo ka GSM kolowa SIM ya TNM kapena Airtel, ndi batire ya 18650, chifukwa uthenga uyenera kutuluka pamene magetsi azima. Uthengawo ulembeni m'Chichewa chachidule, ndipo uzipita kwa mayi ndi kwa munthu wina wapafupi.

Ngati mtima ukufunabe kuphunzira Linux, ndipo ndikukulimbikitsani kutero, gulani rauta yakale yanuyanu imene ili pa mndandanda wa OpenWrt, ya flash ya mamegabayiti 16 ndi RAM ya 128 kapena kuposerapo. Mudzakumanamo ndi BusyBox, pulogalamu imodzi yonyamula malamulo ambirimbiri a Linux. Koma chonde, rauta ya pogona panu kapena ya kampani musaikhudze. Muli kwa eni, ndipo chiphaso chanu chokhalira kuno chatsamira pa ntchitoyo.

Doha akupatsani mwayi umodzi. Dzuwa la July limapitirira madigiri 40, fumbi nalo ndi losasowa. Kaikeni kachipangizoko panja pamthunzi kwa mlungu wathunthu, muzikazula ndi kukabwezera pa soketi kangapo patsiku. Mapulagi akuno ndi a mano atatu ngati akwathu, ndiye chaja yomweyo ikagwira ku Salima. Mukamanyamuka pa Hamad International Airport, batireyo muiike m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi, ndipo mukafika mukayese SIM pamaso pa mayi musanaikemo dzira ndi limodzi lomwe.