Kaphikidwe ka Ndiwo Zamasamba ku Marka

Marka ndi malo amene ali kumapeto kwenikweni kwa dziko lathu, kummwera kwa boma la Nsanje. Munthu akangopitirira pang'ono, ndiye kuti walowa m'dziko la Mozambique. Dera limeneli ndi lotentha kwambiri, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Chifukwa cha kutenthako, amayi ambiri amaphikira panja, pansi pa mtengo kapena pakhonde.

Chakum'mawa kwa Marka kuli mtsinje wa Shire. Nthawi ya dzinja mtsinjewu umasefukira, ndipo madzi akaphwa amasiya dothi lachonde. M'dothi limeneli anthu amalima madimba a chimanga, mbatata, maungu, nyemba ndi matimati. M'zaka za 2015, 2019 ndi 2023 madzi osefukira anakokolola mbewu zambiri m'minda ya m'boma la Nsanje. Mabanja ambiri anatembenukira kumadimba kuti apeze chakudya. Motero anthu a kumeneko amadziwa kuti ndiwo ndi chinthu chosayenera kuseweretsa.

Ndiwo zamasamba zilipo zamitundumitundu. Pali nkhwani, khwanya, kholowa, bonongwe, chisoso, luni ndi therere. Palinso masamba a mtengo wa chamwamba, umene anthu a kuchigwa cha Shire amautcha sangowa. Mtengowu umapirira chilala, ndipo umapezeka m'makomo ambiri.

Masamba onsewa ali ndi chakudya choteteza thupi ku matenda. Muli vitamini A amene amathandiza maso kuona bwino. Mwana wosowa vitamini ameneyu amavutika kuona kukayamba mdima. Mulinso vitamini C amene amalimbitsa nkhama ndi kuthandiza kuti zilonda zipole msanga. Koma chakudya chimenechi chikhoza kutayika ngati wophika sasamala. Vitamini C amasungunuka m'madzi, ndipo amaonongeka ndiwo zikakhalitsa pamoto. Soda ndi chidulo nazonso zimamuononga. Amene amawiritsa masamba nthawi yaitali, nataya madzi ake, amatsala ndi makoko okhaokha.

Njira yabwino yophikira masamba ndiyo kukazinga m'mafuta pang'ono. Choyamba, thyolani ndiwo zanthete m'mawa kapena madzulo, dzuwa lisanazifoole. Ngati ndi nkhwani, yambani mwasadzula. Tsukani masambawo m'madzi oyera musanawadule, pakuti mukawatsuka mutadula kale, zabwino zake zimapita ndi madzi. Kenaka dulani anyezi ndi matimati, ndi kuika zonse pafupi ndi moto.

Tsopano tereka poto pamafuwa kapena pambaula, ndi kuthiramo masipuni awiri a mafuta. Mafuta akatentha, ikanimo anyezi, kenaka matimati ndi mchere pang'ono. Pomaliza ponyanimo masamba aja. Takasani ndi mthiko kawirikawiri kuti asapserere. Ngati auma, wazanimo timadzi pang'ono ndi kuvundikira. Pakapita mphindi zowerengeka ndiwo zapsa. Ziphuleni zikadali zobiriwira, ndipo zidyedwe nthawi yomweyo.

Mafuta amenewa ali ndi ntchito ziwiri. Amakometsa ndiwo, komanso amathandiza thupi kulandira vitamini A. Pamene mafuta asowa, nsinjiro za mtedza kapena za chitowe zimagwira ntchito yomweyo. Makolo athu, amene ankatendera nkhwani, ankachita chinthu chanzeru ndithu.

Kuphika mwamsanga kumapulumutsanso nkhuni. Mitengo yachepa m'madera ambiri a kuchigwa, ndipo amayi ndi atsikana amayenda mtunda wautali kukatola nkhuni. Mtolo umodzi umakhalitsa ngati ndiwo sizichedwa pamoto. Mabanja ena amagwiritsa ntchito mbaula yadothi yotchedwa chitetezo, imene imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa. M'mizinda muli ena amene amaphikira gasi. Moto wa gasi ulibe utsi, ndipo munthu amatha kuukuza kapena kuuchepetsa mosavuta.

Njira ina ndiyo kukazinga m'mafuta ambiri. Mukapita pamsika mudzaona anyamata akukazinga mbatata pachiwaya, ndi amayi akukazinga mandasi ndi zitumbuwa. M'njira imeneyi chakudya chimamira m'mafuta. Mbatata ndi chinangwa zimapsa bwino motero, koma masamba ayi, chifukwa amapserera msanga. Njirayi imatha mafuta ambiri, ndipo zakudya zonona chotere siziyenera kudyedwa tsiku ndi tsiku. Mafuta amene ada chifukwa chokazingira kambirimbiri sali abwino m'thupi.

Palinso kuotcha. Chimanga chachiwisi ndi mbatata zimakoma zikaotchedwa pamakala. Wootcha amadikira kuti malawi athe, natembenuza kawirikawiri kuti zipse mbali zonse.

Pophika panja tiyenera kuchenjera, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Mphepo ikhoza kuulutsira moto padenga la udzu, choncho mafuwa akhale patali ndi nyumba. Ana aang'ono asasewere pafupi ndi chiwaya. Mbatata zikhale zouma poziika m'mafuta otentha, chifukwa madzi amachititsa mafuta kuthetheka. Mafuta akayaka, musathire madzi ngakhale pang'ono, poti moto umalilima koposa. Vundikirani potoyo ndi chivundikiro chachitsulo, ndipo itanani munthu wamkulu. Wina akapsa, thirani madzi ozizira pamalo opsawo kwa nthawi ndithu, kenaka mupite naye kuchipatala.

Inu ana, lero madzulo kaoneni mmene ndiwo zikuphikidwira kwanu. Ngati zikukhalitsa pamoto, kafotokozereni amayi mwaulemu zimene mwaphunzira, ndi kupempha kuti mawa mudzaphike ndinu.

MAFUNSO

1. Kodi Marka ali m'boma liti?
2. N'chifukwa chiyani amayi a ku Marka amakonda kuphikira panja?
3. Tchulani ndiwo zamasamba zisanu zimene zili m'nkhaniyi.
4. Kodi vitamini A ali ndi ntchito yanji m'thupi?
5. Fotokozani zinthu zitatu zimene zimaononga vitamini C.
6. Mungachite chiyani mafuta atayaka m'poto?

NTCHITO

A. Perekani matanthauzo a mawu awa: kusadzula, kutendera, kutereka, kuphula, kuthetheka.

B. Pangani ziganizo ndi mawu awa: dimba, chidulo, nsinjiro, chiwaya, mafuwa.

C. Kodi mwambi woti "chakudza sichiimba ng'oma" ukutiphunzitsa chiyani?

D. Lembani ndime imodzi yofotokoza kaphikidwe ka ndiwo zimene mumazikonda, kuyambira pothyola kufikira pophula.