Manja Athu Ali m'Manja mwa Yani?

LACHITATU: LUMBIRO LA KUMVERA (Mateyu 6:24, Aroma 6:16)

Kodi Paulo akunena kuti munthu amasanduka chiyani kwa iye amene wadzipereka kumumvera? Aroma 6:16.

M'zaka za pakati pa 1000 ndi 1300, moyo wa anthu a kumadzulo kwa Ulaya unali womangidwa ndi malumbiro. Mfumu inkagawira nduna zake malo, ndunazo nkugawiranso asilikali okwera pa akavalo. Wolandira malo ankagwada, naika manja ake pakati pa manja a mbuye wake, nalumbira atakhudza buku la Uthenga Wabwino kapena mafupa a oyera mtima kuti adzakhala munthu wake. Pansi pa onsewa panali mlimi wamba, amene sankaloledwa kusamuka pamudzi popanda chilolezo. Iye ankalima munda wa mwini malo masiku ena a mlungu uliwonse, monga ankachitira makolo athu pa thangata, ndipo ankalipira popera tirigu pa mphero ya mbuyeyo.

Mpingo sunali kunja kwa dongosolo limeneli. Mabishopu ndi nyumba za amonke anali ndi minda ndi alimi awoawo, ndipo popeza lumbiro linkachitika m'dzina la Mulungu, apapa anadzipatsa mphamvu yolimasula. M'chaka cha 1076 Papa Gregory VII anamasula anthu a Mfumu Henry IV ya ku Germany ku lumbiro lawo, ndipo mu Januwale 1077 mfumuyo inadikira masiku atatu m'chisanu pa chipata cha linga la Canossa, kupempha chikhululukiro. M'chaka cha 1213 Mfumu John inapereka dziko la England kwa Papa Innocent III, nililandiranso ngati munthu wake, italonjeza kupereka msonkho chaka ndi chaka.

Kodi zochitika zimenezi zikugwirizana bwanji ndi uneneri wa pa Danieli 7:8, 25? Nanga Yesu anaphunzitsa chiyani za ufumu wake? Yohane 18:36, Luka 22:25, 26.

Tisafulumire kuweruza anthu a nthawi imeneyo. Ambiri a iwo sankadziwa kuwerenga, ndipo Malemba anali m'Chilatini. Iwo anapereka chikumbumtima chawo kwa munthu poganiza kuti akuchipereka kwa Mulungu. Ngozi yomweyo ilipo pa ife ngati tilola wina kutiwerengera Baibulo, ife titalitseka.

Lingalirani: Ndani amene mawu ake mumawaopa koposa? Kodi mukhoza kumukaniza atakulamulani kuchita chosemphana ndi Mawu a Mulungu?

LACHINAYI: ANTHU OKANA KULUMBIRA (Mateyu 5:33-37, Yakobo 5:12, Machitidwe 5:29)

Cha m'chaka cha 1173, Waldo, wamalonda wolemera wa mumzinda wa Lyon, analipira anthu ophunzira kuti amutanthauzire mabuku a Uthenga Wabwino m'chinenero cha kwawo. Atamva mawu a Khristu anagawira osauka chuma chake, nayamba kulalikira m'misewu. M'chaka cha 1179 otsatira ake anakapempha chilolezo ku Roma. Papa Alexander III anayamikira umphawi wawo, koma sanawalole kulalikira popanda chilolezo cha ansembe. Iwo sanaleke, ndipo m'chaka cha 1184, ku Verona, Papa Lucius III anawachotsa mumpingo.

Kodi atumwi anayankha chiyani pamene analetsedwa kuphunzitsa? Machitidwe 4:19, 20, 5:29.

Powerenga chiphunzitso cha pa phiri, Awaldensi anatsimikiza mtima kuti sadzalumbiranso. M'dziko lomangidwa ndi malumbiro, kukana kumeneku kunali kodula. Lamulo la ku Verona linanena kuti wokana kulumbira aziyesedwa wopanduka pa chikhulupiriro. Chotero woweruza ankangomuuza munthu kuti alumbire, ndipo akakana, mlandu unali utatha. Ambiri analandidwa minda, ena anatenthedwa, ndipo otsala anapirira m'zigwa za mapiri a Alps.

Ife sitiphunzitsa kuti kulumbira m'bwalo la milandu ndi tchimo, pakuti Ambuye mwini anayankha atalumbiritsidwa ndi mkulu wa ansembe (Mateyu 26:63, 64). Tikulamulidwanso kulemekeza olamulira ndi kupereka msonkho (Aroma 13:1-7). Koma abale ajawa anagwira chinthu chimene mafumu a nthawi yawo anachitaya: munthu akhoza kupereka thukuta lake ndi msonkho wake kwa mbuye wa padziko, koma chikumbumtima ncha Iye amene anatigula ndi mtengo wake wapatali (1 Akorinto 7:23). Chivumbulutso 13:15-17 chikutichenjeza kuti yeso lotere lidzabweranso, pamene kugula ndi kugulitsa kudzamangidwa pamodzi ndi kupembedza.

Zokambirana m'kalasi: Mbale wauzidwa kuti akapanda kubwera ku ntchito pa Sabata, ntchito yatha, ndipo ali ndi ana a sukulu. Kodi kalasi lanu lingamuthandize bwanji, m'mawu ndi m'zochita, kuti manja ake akhalebe m'manja mwa Khristu?